Mwana akalemba 25, walakwa chiyani?

Ndaphunzitsa Sitandade 2 kwa zaka zambiri, ndipo khalidwe la buku lapepala ndimalidziwa: tsamba 14 ndi lomwelo kwa aliyense, kaya mwana akuthamanga kaya akukwawa. Choncho mphwanga, amene amalemba mapulogalamu a pakompyuta, atandipempha kuti ndimuthandize kukonza buku la masamu la pa tabuleti loti lizisintha malinga ndi mwana, sindinakane. Zoterezi si zachilendonso kuno. Kuyambira 2023 pulogalamu ya boma ya BEFIT yakhala ikupereka matabuleti m'sukulu zapulaimale, otchajidwa ndi sola, okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion m'Chichewa, osafuna intaneti.

Nzeru ya mphwangayo inali yoti mwana akakhoza apatsidwe funso lovutirapo, akalakwa apatsidwe losavuta. Ndinamulembera papepala 32 kuchotsa 17.

"Mwana wayankha 25. Buku lako litani?"

"Limubweza m'mbuyo, achimwene."

"Kumubwezera kuti?"

Apa mpamene pagona nkhani. Mwana wina amapeza 25 chifukwa amangochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, posayang'ana ili pamwamba kapena pansi: 7 kuchotsa 2, kenako 3 kuchotsa 1. Ameneyu kubwereka sanakumve n'komwe, afunika kubwerera ku timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Wina amabwereka bwinobwino, 12 kuchotsa 7, koma amaiwala kuti 3 uja watsala 2. Ameneyu wangotsala pang'ono, ndipo kumubwezera ku timitengo n'kumunyoza. Onse awiri alemba 25. M'kalasi ndimawasiyanitsa poyang'ana ngati pali kachizindikiro kobwerekera pamwamba pa nambala, kapena kungofunsa kuti "wapanga bwanji?" Tabuleti imangoona yankho basi.

Ndiye ndinamuuza asinthe funso likhale 41 kuchotsa 18. Woyamba uja alemba 37, wachiwiri 33, wokhoza 23, ndipo amene waphatikiza m'malo mochotsa alemba 59. Funso limodzi, ana anayi, aliyense wadziulula yekha.

Mphwanga anali atauza kompyuta kuti izingosankha manambala mwachisawawa, mafunso mazanamazana, ndipo ankanyadira kuchuluka kwake (anyamata a masiku ano amakonda zochuluka). Tinakhala pakhonde Loweruka lonse, iye pa laputopu, ine ndi pensulo, kuchotsa funso lililonse lomwe zolakwa ziwirizi zimabereka yankho lofanana. Dzuwa likulowa tinali tidakali pa kuchotsera, kugawa tisanakukhudze n'komwe.