Ulaya ali ndi msika ndi ndalama, koma mavoti amamumanga manja pa mkangano wa Israel ndi Palestine

Dzanja la Ulaya linalowa kalekale m'mkanganowu. Pa 2 Novembala 1917, nduna ya Britain yoona za kunja, Arthur Balfour, inalemba kalata yovomereza kuti Ayuda akhale ndi kwawo ku Palestine, ndipo Britain inalamulira derali mpaka Meyi 1948. Lero maso ali pa bungwe la European Union (EU) la mayiko 27 a ku Ulaya, lomwe limayankhula kwambiri koma zochita zake sizioneka.

Sikuti mphamvu ilibe. EU ndiye msika waukulu wa Israel, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malonda a katundu a dzikolo limachitika ndi mayiko a m'bungweli. Pangano lawo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2000, limanena pa ndime yachiwiri kuti ubalewo watsamira pa kulemekeza ufulu wa anthu. Kwa Apalestina, kuyambira 2008 EU imadzera mu ndondomeko ya PEGASE polipira gawo la malipiro ndi penshoni za ogwira ntchito m'boma la Palestinian Authority.

Chimene chimagwetsa zonsezi ndi kavotedwe. Pa mfundo za kunja, monga kuika ziletso pa munthu kapena kuthetsa pangano lonse, mayiko onse 27 ayenera kuvomera. Limodzi likakana, nkhani yathera pomwepo, ndipo Hungary inagwiritsapo ntchito mwayi umenewu mobwerezabwereza. Kuimitsa gawo la malonda lokha sikufuna onse: pamafunika mayiko 15 okhala ndi 65 peresenti ya anthu onse a mu EU. Papepala nzophweka. Koma Germany ndi Italy zikakana limodzi ndi timayiko tingapo, 65 peresentiyo siikwana. Umu ndi mmene ganizo la Seputembala 2025 loimitsa mwayi wa msonkho kwa katundu wa Israel linakhalira chiimire, ngakhale kafukufuku wa EU yemweyo mu Juni 2025 anapeza zizindikiro zoti Israel yaphwanya ndime yachiwiri ija.

Germany ndi yovuta kuisuntha chifukwa cha mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda mu ulamuliro wa chipani cha Nazi. Mu 2008 Angela Merkel, mtsogoleri wa Germany pa nthawiyo, anauza Knesset, nyumba ya malamulo ya Israel, kuti chitetezo cha Israel ndi chimodzi mwa maziko a dziko la Germany, ndipo dzikoli ndi lachiwiri kwa America pogulitsa zida ku Israel. Ireland, Spain ndi Belgium zimakokera kwina. Kugawanikaku kunaonekera poyera pa 27 Okutobala 2023 ku United Nations: mayiko 8 a EU anavomera kuimitsa nkhondo ku Gaza, 4 anakana, 15 sanatenge mbali.

Zambiri mwa zimene zatheka ndi zija zosafuna chilolezo cha onse. Mu 2015 EU inalamula kuti katundu wochokera m'midzi ya Aisraeli m'dera la Apalestina la West Bank azilembedwa komwe wachokeradi, ndipo khoti lalikulu la bungweli linatsimikiza zimenezi mu 2019. Kuzindikira Palestine ngati dziko nakonso aliyense amachita payekha: Sweden mu 2014, Spain, Ireland ndi Norway pa 28 Meyi 2024, kenako Britain ndi France mu Seputembala 2025 (Norway ndi Britain sizili mu EU). Kuzindikirako kumakweza udindo wa akazembe, koma sikutsegula chipata cha Rafah cha pamalire a Gaza ndi Egypt, kumene oyang'anira malire a EU anayamba ntchito mu 2005 n'kuisiya mu 2007 gulu la Apalestina la Hamas litalanda Gaza.