Kuchoka ku Chipata kukalondola mapazi a Paul Ngozi

Mabasi a ku Lusaka amanyamuka pa siteshoni ya Kapata ku Chipata kusanache, ndipo tikiti ndi bwino kudula dzulo lake. Tinakwera ya m'mamawa kuti tikaone mzinda umene unalera gulu la Ngozi Family, eni ake nyimbo ija ya "Nizakupanga Ngozi". Nyimbozo muziikiretu mufoni muli ku Chipata, chifukwa netiweki imasowa m'mapiri mukangopitirira Nyimba.

Msewu wa Great East ndi wa makilomita pafupifupi 570. Katete, Sinda ndi Petauke mumadutsa tulo tisanathe m'maso. Pa mlatho wa Luangwa basi imapumula, anthu n'kugula nsomba zouma ndi madengu, kenako imayamba kukwera zitunda za Manenekela. Pamenepo mpamene tinaika mahedifoni kumakutu.

Chinthu choyamba kugunda khutu ndi gitala. Silira mwaukhondo ayi, limachita kulalata ngati macheka pa mtengo wouma. Kaliridwe kameneko kamachokera ku kabokosi kopondera ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamakweza mawu a gitala mpaka kuphwanyika. Pansi pake pali ng'oma za Chrissy Zebby Tembo, zolemera, zosathamanga. Ndiyeno mawu a Paul, m'Chinyanja cha m'tauni.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949. La Ngozi linamumatirira chifukwa cha zimene ankachita pa siteji, mpaka kuimba gitala ndi mano. Gulu lake linakwera pa nthawi yabwino. M'zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo makampani a nyimbo a ku Ndola, Teal ndi Zambia Music Parlour, anayamba kusaka oimba. Ku migodi kunali magulu a WITCH ndi Amanaz. Lusaka inali ndi Paul, amene ankaimbira anthu a m'komboni. Chimbale cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo 45,000 Volts, mmene muli nyimbo yathuyi, chinatsatira mu 1977.

Anthu akamva kuti ndi nyimbo ya ukali amaganiza kuti ikulimbana ndi boma. Mvetserani bwino mawu ake. Woimbayo akudzudzula munthu wobwera pakhomo pa mnzake wopanda ulemu, wonyamula mijedu, ndipo akumuuza kuti akapitiriza aona zakuda. Kwathu mlendo sauzidwa zotero pamaso, timamuzungulira ndi miyambi. Paul anazinena poyera, gitala likukuwa, ndipo anatenga dzina lake lomwe kulisandutsa chenjezo. Kwa ife mphamvu ya nyimboyi ili pamenepo. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anadulako chigawo n'kuchiika m'nyimbo yake ya "Noid", pamene mwini wake Paul anamwalira kale mu 1989.

Tinatsikira pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka masana. Kabwata sikutali, ndipo kumeneko kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi Road. Ndi msewu wamba wa nyumba za anthu, koma kuima pamenepo nyimbo ili m'makutu kumakhudza mtima. Nyimbo za mtunduwu, zotchedwa Zamrock, zinazilala mkuwa utagwa mtengo, madansi ausiku atasokonezeka ndi malamulo oletsa kuyenda usiku, kenako Edzi inatenga oimba ambiri. Chotsala chenicheni ndi mbale za nyimbo za galamafoni, ndipo zambiri zili m'masutikesi a madala.

Mukaipeza mbale musafulumire kutulutsa ndalama. Itulutseni m'chikuto, muigwire m'mphepete, muipendeketse padzuwa. Timizere tosalowa sitivuta, koma mzere umene chikhadabo chikukodwamo udzadumphitsa singano nthawi zonse. Igonekeni patebulo losalala: ikamagwedera ndiye kuti inapindika ndi kutentha, ndipo kuiwongola n'kovuta. Onaninso ngati dzina la pakati pa mbale likufanana ndi la pachikuto, poti m'nyumba zambiri zinasinthana kalekale. Mbale yaikulu imazungulira pa liwiro la 33 (maulendo 33 pa mphindi), yaing'ono ya nyimbo imodzi mbali iliyonse pa 45. Mukalakwitsa, mawu a Paul amveka ngati a kamwana kapena ngati a munthu wogona. Fumbi lichotseni ndi madzi oyera othira kadontho ka sopo wa mbale, kansalu kofewa kakutsata mizere mozungulira, pepala la pakati lisanyowe. Spiriti ndi palafini ayi.

Pobwerera, kondakitala adzafuna kuti katundu yense alowe pansi. Mbale musalole. Kunsi kumatentha ndipo matumba amapanikizana, makamaka m'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala. Ziikeni pakati pa makatoni awiri, muzimange ndi chitenje, ziime chilili pakati pa miyendo yanu, kutali ndi windo la kudzuwa, mpaka ku Kapata.