Rimoti inali m'manja mwawo

Achemwali anabwera kudzaona zithunzi masana ano, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale pansi. Ndinatsegula kompyuta kuti ndimalize mawu ofotokoza pulojekiti, koma ndikungobwerera pa chithunzi chimodzimodzicho. Bola ndilembe kuno.

Kwa amene simukudziwa, mutu wa pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi ulamuliro. Anzanga ena amene anasankha mutu womwewu amanga anthu zingwe m'manja, wina wamata pakamwa pa munthu ndi tepi, wina akujambula makamera achitetezo a m'makoma. Sindikuwanyoza, koma chithunzi cha chingwe umachimva usanamalize n'komwe kuchiona. Ine ndinkafuna ulamuliro wa m'chipinda chojambuliramo, wa pakati pa amene wagwira kamera ndi amene wakhala pampando. Ndiye ndinkachita motere: kamera ndimaiimika pa miyendo yake itatu, munthu ndimamukhazika kutsogolo kwa nsalu yotuwa, kuwala kumachokera mbali imodzi, kenako ndimamupatsa rimoti ya shata, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe m'kamera, n'kutuluka kwa mphindi khumi. Adine nthawi imene wafuna, kambiri kapena pang'ono, zili kwa iye.

Shatayo ndinaitchera kuti izikhala yotsegula sekondi yathunthu. Kwa kamera imeneyo ndi nthawi yaitali zedi. Ukapuma mwamphamvu, mapewa amachita chimbuuzi. Ukaphethira, maso amatuluka olemera. Choncho munthu uja amakhala ndi ntchito ziwiri, kulamula kamera ndi kulamula thupi lake lomwe. M'zaka zotsatira 1839, kujambula kutangoyamba, m'masitudiyo munkakhala zitsulo zogwira munthu kunkhongo kuti mutu usagwedezeke. Ine chitsulo ndilibe. Munthu adzigwire yekha.

Achemwali anavomera msanga. Anabwera atatchena, bulauzi yosita bwino, ndipo zithunzi zawo pafupifupi zonse ndi zimene ungayembekezere kwa munthu amene wayang'anira anthu kuntchito zaka zambiri: chibwano m'mwamba, milomo yotseka, maso tong'o ku lenzi. Koma pali chimodzi. Ankakonza kolala ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kufinya rimoti osadziwa. Dzanja lokonza lija lasungunuka, nkhope yapendekeka, pakamwa patseguka pang'ono, maso ali pansi. Akuoneka otopa, kutopa kumene ine ndimakudziwa koma sindinakuonepo pa chithunzi chawo chilichonse. Chimenecho ndicho ndinatsukitsa chachikulu n'kuchipachika pakati.

Anaima patsogolo pake nthawi yaitali, chikwama chili m'khwapa.

"Ichi wachitenga kuti?"

"Munajambula nokha, achemwali."

"Ine sindinajambule ichi."

"Rimoti inali m'manja mwanu. Ine ndinali panja."

"Chala chinadina, inde. Koma ine sindinadine."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Anati ndinawauza kuti wolamula ndi iwowo, ndipo anakhulupirira. Anati anakhala pampando paja akudzigwira mpweya mpaka mutu kupweteka, kuti andipatse zithunzi zabwino za kusukulu, ndiye zonse zijazo zili kuti? Ndinati zili pa kompyuta. Anafunsa kuti wasankha ndani. Ndinati ndine, popeza kusankha ndi mbali ya ntchito yanga. "Ndiye rimoti ija inali ya chiyani? Yondisangalatsa ngati mwana wopatsidwa foni yopanda batire?"

Apa ndinayamba kulankhula za m'kalasi, zimene zimanditulukira zokha ndikapanikizika. Ndinawafotokozera za wojambula zithunzi Yousuf Karsh, amene pa 30 Disembala 1941 anajambula Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain nthawi imeneyo, ku Ottawa, atangomaliza kulankhula ku nyumba ya malamulo ya ku Canada. Churchill sankafuna kusiya ndudu yake yaikulu ija. Karsh anangopita n'kuisolola pakamwa, kenako n'kudina. Nkhope yolusa imene dziko lonse limaidziwa, imene kuyambira 2016 ili pa ndalama yapepala ya mapaundi 5 ku England, ndi ya munthu amene wangolandidwa ndudu. Tsiku lomwelo anajambulanso china Churchill akumwetulira, koma si chimene chinatchuka. Mfundo yanga inali yakuti chithunzi champhamvu kawirikawiri chimabwera pamene munthu wasiya kudzilondera.

Anamvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu, kenako anati, "Churchill ameneyo anali mkulu wake wa wojambulayo?"

Ndinatchula za fomu. Aliyense amene ndinamujambula anasaina fomu yachilolezo, ndipo imanena momveka kuti ndikhoza kugwiritsa ntchito chithunzi chilichonse chotuluka pa nthawiyo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndinasainira iwe, mng'ono wanga. Pepalalo sindinaliwerenge n'komwe."

Kumbali ya malamulo ndikudziwa pamene ndaima, ndipo n'zosathandiza. Wojambula zithunzi Philip-Lorca diCorcia, pakati pa 1999 ndi 2001, anabisa mafulashi, magetsi othwanima ojambulira, ku Times Square mu New York, kamera ili patali ndi lenzi yaitali, n'kumajambula nkhope za odutsa iwo osadziwa. Bambo wina wachikulire atadziona pa chimodzi mwa zithunzizo anakasuma mu 2005, ndipo khoti linathetsa mlanduwo mu 2006 mokomera wojambulayo. Titaphunzira nkhani imeneyi ndinali kumbali ya diCorcia popanda kukayika, ndipo ndikadali komweko. Kungoti diCorcia sanalonjeze aliyense kanthu. Sanauze munthu kuti iwe ndiwe wolamula. Ine ndinatero, ndipo mawu amenewo ndi amene achemwali akundigwira nawo, osati fomu.

Komanso zikundikwiyitsa, ndinene. Zithunzi zimene akufunazo n'zakufa. Zili bwino pa chiphaso cha kuntchito. Munthu aliyense amene ndinamupatsa rimoti anachita zofanana: kuongola msana, kutembenuzira ku kamera mbali ya nkhope imene amaikonda, kumwetulira kumene anakuyeserera kale pafoni. Ukayala zithunzi zonse zazing'ono pa sikirini umaona kuti munthu akapatsidwa ufulu wodzijambula amadzimanga kwambiri kuposa mmene ine ndikanamumangira. Kwa ine pulojekiti yonse yagona pamenepo, ndipo izi zimaoneka pokhapokha pakhale chithunzi chimodzi chimene munthu waphonya. Ndikachichotsa, pakhoma patsala anthu otchena basi.

Sabata yatha, kapena ija inayo, aphunzitsi anaima pa chithunzi chomwechi n'kunena kuti apa ndiye pali ntchito, zinazo ndi zoperekeza. Ndinanyada tsiku lonse. Iwo omwewo ndi amene anandiuza kuti ndione ntchito ya Gillian Wearing ya 1992 mpaka 1993, pamene ankaimitsa anthu m'misewu ya ku London, kuwapatsa pepala ndi cholembera kuti alembe zimene zili kumtima kwawo, n'kuwajambula atanyamula pepalalo. Chodziwika kwambiri ndi cha mnyamata wovala suti ndi tayi, wooneka kuti zinthu zikumuyendera, koma pepala lake likunena kuti wasowa pogwira. Nthawi zonse ndinkachiona ngati umboni wakuti ukhoza kupatsa munthu mpata wolankhula yekha. Usiku uno ndikungoganiza kuti mapepala analembedwa ambiri, ndipo amene anasankha kuti ili ndi limene tizilikumbukira si mnyamatayo.

Mwina ndatopa chabe. Maso akundiwawa ndi sikirini, ndipo ndikatopa chilichonse chimaoneka ngati mlandu. Ndinayesa kulemba chiganizo choyamba cha mawu ofotokoza aja, chakuti pulojekitiyi imapereka mphamvu kwa wojambulidwa, ndipo chala chinakana kupitiriza. Kutalika kwa mpando ndinasankha ndine. Nsalu, kuwala, lenzi, sekondi ija, kuti zikhale zopanda mitundu, kukula kwa pepala, zonse ndine. Sekondiyo ndinaiika dala podziwa kuti wina adzagwedezeka. Sindikuona cholakwika pamenepo, msampha ndi chida cha ntchito. Koma nanga ndilembe kuti msampha? Amene anakhala pampando ena aja akadzawerenga pa tsiku la chionetsero adzati chiyani?

Tibwerere kwa achemwali. Sanandiuze kuti ndichichotse, ndipo chimenecho ndicho chikundisowetsa mtendere. Akanalamula, ndikanakangana nawo kapena kugonja, nkhani n'kutha. Anangofunsa kuti chionetsero chidzatsegulidwa liti, komanso ngati anthu akunja amaloledwa kulowa. Ndinati inde, aliyense. Anagwedeza mutu. Ndikudziwa kuti ankaganiza za anthu amene amawayang'anira kuntchito.

Ndinawauza kuti ndikhoza kupachika ziwiri moyandikana, chimene asankha iwo ndi chimene ndasankha ine, zofanana kukula, n'kulemba pansi kuti wasankha ndani. Kunena zoona maganizo amenewa si oipa, mwina ndi abwino kuposa amene ndinayamba nawo. Anati, "Kuti anthu aziyerekeza, n'kunena kuti weniweni ndi uyu wotopayu?" Ndinalibe yankho, chifukwa ndi zimene anthu angachitedi.

Potuluka anaima pakhomo n'kunena kuti Loweruka ndipite kwawo ndi kamera. Ndikakhale pampando ineyo, rimoti ndikagwire ndekha monga mwa lamulo langa, koma khadi la zithunzi likatsale kwa iwo, ndipo chimene adzasankhe chidzapachikidwe pambali pa chawo. Sindinawayankhe kuti inde kapena ayi.

Mndandanda womaliza wa zopachika ukufunika Lachisanu, Loweruka lisanafike n'komwe, ndipo sindinawauze zimenezo. Komanso sindikudziwa ngati aphunzitsi angalole chithunzi chimene sindinasankhe ine kulowa m'ntchito yoti andipatsire malikisi. Ndiyenera kuwafunsa mawa, ngati angapezeke mu ofesi. Ndipo m'chipinda cha achemwali chochezera muli zenera limodzi lokha, lili kumbuyo kwa mpando, ndiye kaya kuwalako ndikakutani.