Ulendo wathu wa ku Moatize kukaona anyamata a rock aja

Loweruka lapitali ife achinyamata a kwaya ya kuno ku Ulongwe tinakacheza ndi bandi ija ya rock yachikhristu ku Moatize, amene munatsala mwaphonya zedi. Tinalipo 14, tinanyamuka mbandakucha majuzi ali m'thupi ndi kuzizira kwathu kuja kwa ku Angonia, koma titangokhota pa Mussacama kulowa msewu wochokera ku Zobue aliyense anayamba kuvula, dzuwa la kumunsi kuja si masewera ayi. Shapa, minibasi yomwe tinakwera, inaphulika tayala kamodzi, zimenezo tizisiye.

Anyamatawo alipo asanu. Akuti anayamba atatu ali ku sekondale, gitala imodzi yokha zingwe zina zili za waya wa buleki ya njinga, ng'oma zake zidebe za penti, ampulifaya anadzagula mochedwa ndi tindalama ta maganyu. Koma chimene chinawasautsa si zida ayi. Akulu ampingo anakanitsitsa, amvekere phokoso limeneli ndi la kubawo, ndiye kwa chaka chathunthu anyamata ankangoimbira panja pansi pa mlambe mapemphero akatha. Anawatsegulira khomo ndi agogo ena aakazi, anangofunsa abusa kuti nanga abambo vuto lili pati poti mawu onsewa ndi a m'Masalimo ndipo ine ndikuwamva. Basi sabata yotsatira analowa m'tchalitchi.

Woimba ng'oma anationetsa pa foni mabandi amene ankawalimbitsa mtima, Petra yomwe inayamba 1972 ku America nayonso mipingo ina inkaikana, ndi Newsboys ya ku Australia yomwe Peter Furler anaiyambitsa mu 1985 ndi mnzake wa kusukulu m'galaja. Akuti ngati azungu anayambira m'galaja ndiye mlambe walakwa chani, tinaseka.

Kenako anatiimbira, Chinyungwe, Chichewa ndi Chipwitikizi kusakaniza. Kunena zoona ine rock sindinkaikonda ndipo mpaka pano ndikuona kuti gitala yawo imakwera kwambiri mawu ena amamira, ndinawauza achimwene oimba gitalawo pamaso sanakhumudwe. Koma nyimbo yachitatu ndinangozindikira ndaimirira kale.

Pobwerera tinakangana njira yonse za amene akalankhule ndi akulu ampingo athu za gitala yamagetsi ija ili m'kabati chaka chachiwiri tsopano. Pofika pa Mussacama anali atasankha ine, Lamlungu lino mundipempherere.