Mvula ikamagunda pa malata

Dzulo usiku mvula inayamba cha m'ma 11 koloko, ine n'kudzidzimuka ngati wina wandiwaza madzi ozizira. Bambo a kunyumba anangotembenuka n'kunena kuti, "Tagonani mayi, imeneyi ndi mvula wamba." Kuti ndi mvula wamba ndikudziwa ndithu, koma thupi langa silimva zimenezo. Ndinamanga chitenje, nsapato za ana n'kuzindandalika pakhomo, n'kukhala pamphepete pa bedi makutu ali tcheru. Ndinkamvetsera phiri, chonsecho tinasamukira ku Lunzu kalekale, ndipo phiri la Soche kuno silioneka n'komwe.

Mu Marichi 2023 tinkachita lendi ku Chilobwe, cha kumtunda, kumene nyumba zimatchipa chifukwa galimoto silifika. Namondwe wa Freddy anali atayenda mwezi wathunthu panyanja kuchokera kufupi ndi Australia, atamenya Madagascar ndi Mozambique, kenaka anabwereranso ku Mozambique kachiwiri n'kukwera kuno. Zonsezi tinazimva pambuyo pake. Ife tinkangoona mvula yosakata usana ndi usiku, magetsi atazima, makala atanyowa. Usiku wa Lamulungu pa 12 kucha Lolemba tinamva mkokomo ngati mathiraki ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Agogo anga ankatiuza za napolo wa ku Phalombe wa 1991, ife n'kumayesa nthano zoopsezera ana. Usiku umenewo ndinamumva ndi makutu anga.

Khoma la kuchipinda linagwa, ife tinatulukira pawindo, mwana wamng'ono ali kumsana, wamkulu bambo ake atamunyamula ngati thumba la chimanga. Nyumba yachitatu kuchokera pa yathu sinatsale ngakhale maziko. Munkakhala mayi wina wa Mvano ndi adzukulu awo awiri. Mayi amenewo ndi amene ankandigogodera 4 koloko m'mawa kuti tikapemphere, ndi amene anandiphunzitsa kutsegula Baibulo osayamba ndayang'ana pa mndandanda wa mabuku. Anyamata anakumba ndi makasu ndi manja kwa masiku angapo asanawapeze.

Chimene chinandisokoneza chikhulupiriro sichinali matope ayi. Chinali umboni. Lamulungu lina, tili pa msasa wa pasukulu pamene tinkagona mabanja ambirimbiri m'kalasi imodzi, bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Ine Mulungu amandikonda, n'chifukwa chake ndili moyo lero." Tonse tinawomba m'manja, inenso ndinawomba. Potembenuka ndinaona mwana wamkazi wa mayi aja, amene anataya amayi ake ndi ana ake awiri usiku umodzi, manja ali pamiyendo. Manja anga anauma. Ngati kupulumuka kwanga kuli chizindikiro chakuti Mulungu amandikonda, nanga mayi aja amene ankapemphera kuposa ine? Bambo uja sindimuweruza, anali kulankhula mtima uli m'mwamba ngati tonsefe. Koma mawu aja ine sindingawanenenso.

Ena anafika ponena kuti Chilobwe yalangidwa chifukwa cha mowa ndi zadama. Amenewo ndiye anandikwiyitsa zedi. Ana a sukulu ya mkaka anamwa mowa uti? Phiri lija tonse tinkaliona likumetedwa chaka ndi chaka, mitengo ikupita ku makala ndi ku mauvuni a njerwa, nyumba zikukwera mtunda chifukwa wosauka alibe pena pomanga. Nthaka yopanda mizu itamwa madzi masiku atatu inangotsika. Pa Luka 13 Yesu anauzidwa nkhani yonga yomweyi, ndipo anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anakana poyera kuti iwowo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Ndime imeneyi ndinkaidumpha kale, sinkamveka yokoma. Pa msasa paja ndi imene inandigwira dzanja.

Kwa miyezi ingapo sindinkatha kupemphera mapemphero aatali aja. Ndikagwada, pakamwa pankangotuluka funso limodzi: Ambuye, kodi munali kuti? Ndinkachita nalo manyazi mpaka mkulu wina wa mpingo, wokalamba, wosachedwa kulankhula, anandiwerengera Marko 4. Ophunzira ali m'ngalawa, namondwe wauka, Yesu ali m'tulo pa mtsamiro. Ena mwa iwo anali asodzi odziwa nyanja, ndiye kuti sanali kuopa zachibwana. Anamudzutsa ndi funso laukali, ngati alibe nazo ntchito kuti iwo akufa. Mkuluyo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, funso lanulo si lachilendo. Koma taonani kuti analifunsa kwa ndani. Sanalumphire m'madzi, anapita kwa mwini wake." Inde Yesu anawadzudzula chifukwa cha mantha awo, zimenezo sindibisa, koma sanawatsitse m'ngalawamo.

Salimo 46 ija yonena za mapiri kusunthika tinkailoweza ku Sande sukulu ngati ndakatulo yokongola. Amene analemba sananene kuti mapiri sadzasuntha. Ananena kuti ngakhale asunthe. Ine ndinaliona likusuntha, ndipo anthu opitirira 1,000 m'chigawo cha kum'mwera anafa kapena sanapezekenso. Choncho munthu akandiuza kuti ukakhulupirira kwambiri zoipa sizikufikira, ndimangomupatsa mpando ndi tiyi, koma sindivomera. Mayi aja anakhulupirira mpaka usiku wawo womaliza, ndipo sindiganiza kuti Mulungu anawataya pamene matope anawakwirira.

Mwana wawo uja timaonanabe. Sitikambirana mavesi kawirikawiri. Ndikapita ku Limbe kukagula ufa wa mandasi ndimamudutsira, timasenda mbatata, nthawi zina timalira, nthawi zina timaseka za momwe amayi ake ankatikalipira tikafika mochedwa ku mapemphero. Mwezi wathawu ndiye anandiuza yekha kuti wayambiranso kupita ku tchalitchi, koma amakhala kumbuyo, ndipo nthawi ya umboni ikafika amatuluka panja. Ndinamuuza kuti akamatuluka azindiyitana.

Dzulo lija ndinapemphera mawu ochepa okha, kuti Ambuye ndikuopa, khalani nafe muno, khalaninso ndi amene akugonabe m'munsi mwa phiri. Mantha sanachoke. Mvula inakata cha m'ma 2 koloko, ndinabweza nsapato za ana pansi pa bedi, ndipo 4 koloko itakwana ndinadzuka kukakanda ufa.