Lachiwiri, m'chipinda cha dayalisisi

M'mawa wonse unathera pa chithunzi chimodzi cha X-ray. Bambo ena amene akhala akutsukidwa magazi pa makina a dayalisisi kwa zaka chifukwa impso zawo zinafooka anapweteka mwendo, ndiye anawajambula. Fupa linali bwinobwino, koma m'mbali mwake munatambalala timizere toyera mpaka kuphazi. Mtsempha wa magazi suyenera kuoneka pa X-ray. Ukaoneka ndiye kuti wauma ndi kashiamu.

Kamtsikana kamene kali pa maphunziro a unamwino kanati, "Sista, ndiye kuti zikungounjikana ngati zoyera za m'ketulo zija?" Ayi ndithu. Impso zikafooka, fosifeti, mchere wina umene timaupeza m'zakudya, sachoka m'magazi, ndipo makina athu samuchotsa yense chifukwa wambiri amabisala m'maselo ndi m'mafupa. Akachuluka, maselo a minofu ya m'khoma la mtsempha amasintha khalidwe. Puloteni yotchedwa Runx2, imene ntchito yake ndi kulamula kuti fupa lipangidwe, imadzuka m'malo olakwika, mtsempha n'kuyamba kusanduka fupa. Mtima umavutika kupopa magazi m'mitsempha yosatamuka, ndipo n'chifukwa chake odwala a dayalisisi ambiri amapita ndi matenda a mtima.

Thupi lili nawo alonda. Fetuin-A, yochokera m'chiwindi, imagwira tizidutswa ta kashiamu ndi fosifeti m'magazi tisanakhazikike, koma mwa odwala athu imakhala yochepa, makamaka thupi likamalimbana ndi kutupa kwa m'kati. Ina ndi matrix Gla protein, imene khoma la mtsempha limadzipangira lokha, koma siigwira ntchito popanda vitamini K. Mu 1997 akatswiri anasonyeza kuti mbewa zosowa puloteni imeneyi zimafa pasanathe miyezi 2, mtsempha waukulu utauma n'kuphulika. N'chifukwa chake ndikaona warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, pa khadi la wodwala impso, mtima umandigunda, poti mankhwalawo amatchinga vitamini K yemweyo.

Apa mpamene pamandisowetsa mtendere. Vitamini K wambiri ali m'ndiwo zamasamba, zomwezo timati odwala achepetse chifukwa cha potaziyamu, mchere wina umene impso zofooka zimalephera kuuchotsa. Usipa ndi matemba, zodya ndi minga yomwe, n'zodzaza fosifeti. Munthu adyere chiyani nsima?

Masana ndinawafunsa bambo aja za mapiritsi awo a calcium carbonate. Anati, "Ndimamwa mwana wanga, usiku pogona." Ndinawafotokozera kuti amenewo amamwera pa chakudya, kuti agwire fosifeti m'matumbo asanalowe m'magazi. Kumwa pamimba popanda kanthu n'kungowonjezera kashiamu m'thupi. Za Coca-Cola, yemwenso ali ndi fosifeti, sindinafunse n'komwe, botolo linkasuzumira m'chikwama. Mayi a kunyumba anaseka, nati aziwaikira mapiritsiwo pambali pa mbale ya nsima.

Adokotala alemba kuti Lachisanu tiyeze fosifeti ndi PTH, homoni yoyendetsa kashiamu ndi fosifeti m'magazi. Ine miyendo yatopa, ndipo yunifolomu ya mawa sindinasite.