Kathabwa ka nambala 17 kakana kuthyoka

Usiku wapitawu, nthawi itadutsa kale 11 koloko, ndinatsitsa jeke, n'kusenda mapepala a Teflon, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu ndinatulutsa kathabwa ka luzi ndi pulasitiki kopanda thovu ngakhale limodzi. Katazizira ndinakayala pa njerwa ziwiri n'kukadinikiza pakati ndi chala chachikulu. Kanapindika pang'ono n'kubwerera. Ndinadinikizanso ndi chikhatho chonse, koma kanangoti gwa. Anzanga amene mwalimbanapo ndi luzi la chamba ndi PLA, pulasitiki wopangidwa kuchokera ku shuga wa zomera, mukudziwa mmene mtima umagundira pamenepa. Tulo sitinabwere msanga.

Makina opanikizira ndi omwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito, sindinasinthe kanthu: jeke ya galimoto, zitsulo ziwiri za aluminiyamu zokhala ndi mahita mkati, PID yowongolera moto ndi thermocouple yake yoyezera kutentha. Chikombole ndi cha mamilimita 150 mbali zonse, kuchindikala mamilimita 3. Mumalowa magalamu 26 a luzi ndi 62 a PLA, ndiye kuti luzi ndi pafupifupi 30 peresenti. PLA wanga ndi zotsalira za printer ya 3D, yomwe imaumba zinthu ndi pulasitiki, zomwe ndimazidula n'kuziphwatalitsa kukhala timapepala, kenako n'kusanjikiza: pepala, luzi, pepala, luzi, pepala.

Timatabwa toyamba, kuyambira 1 mpaka 8, sitinandivutitse chifukwa ndinkagwiritsa ntchito ufa wa mtima wa phesi la chamba, 10 peresenti yokha. Koma ufa umangodzaza malo, sulimbitsa kwenikweni. Mphamvu ya chamba ili m'luzi la kukhungwa, momwe cellulose amapitirira theka la kulemera kwake. Nditangosamukira ku luzi lalitali, mavuto anayamba.

Nambala 9 kanatuluka ndi timabowo paliponse, ngati chisa cha chiswe. Pomwe kanali m'makina ndinamva kaphokoso ka tsiii m'mphepete mwa chikombole, koma sindinakalabadire. Ndinaganiza kuti PLA sakusungunuka mokwanira kuti alowe pakati pa ulusi, choncho ndinakweza moto kuchoka pa madigiri 180 kufika pa 210. Luzi linapserera, kathabwa kanada bii, chipinda chonse fungo la udzu wopsa. Apa m'pamene pali kampata kopapatiza pantchito yathuyi: PLA amafuna moto wokwera kuti ayende bwino, pomwe luzi limayamba kuwonongeka moto ukamayandikira madigiri 200. Ndinatsitsa kufika pa 170, ndipo nambala 12 kanatuluka ndi mawanga oyera, luzi louma lomwe pulasitiki sanalifike n'komwe. Ndimati ndikalikanda ndi chikhadabo, linkangonyotsoka.

Masiku asanu ndinali kulimbana ndi moto womwewo, kukweza, kutsitsa, kuwonjezera mphindi, kuchepetsa. Chinanditsegula maso ndi sikelo. Ndinayeza magalamu 100 a luzi lomwe m'manja linkamveka louma bwinobwino, n'kuliika mu uvuni pa madigiri 80 usiku wonse. M'mawa linalemera magalamu 91. Ndiye kuti m'chikombole chilichonse ndinkatsekeramo madzi opitirira magalamu awiri. Galamu imodzi yokha ya madzi ikasanduka nthunzi imadzaza malo opitirira lita imodzi ndi theka. Kaphokoso kaja kanali nthunzi ikufunafuna potulukira.

Thovu ndi vuto looneka ndi maso. Losaoneka ndi loti madzi akakumana ndi PLA wotentha amadula maunyolo ake ataliatali aja kukhala tizidutswa, ndipo pulasitiki wa maunyolo aafupi sachedwa kusweka. N'chifukwa chake opanga PLA amalangiza kuti chinyezi chisapitirire 0.025 peresenti asanasungunulidwe. Ine ndinkamusanjikiza ndi luzi la chinyezi cha 9 peresenti! Kuchokera tsiku limenelo ndimayanika zonse ziwiri, luzi pa madigiri 80, PLA pa 45 kapena 50 basi, chifukwa akayandikira 60 amafewa n'kumatirirana kukhala chibuma chimodzi. Luzi likachoka mu uvuni limapita m'chikombole likadali lofunda. Ukalisiya patebulo kanthawi pang'ono, sikelo imayamba kukweranso ukuona.

Ndinkati nkhani yatha. Nambala 14 ndi 15 tinatuluka tosalala, thovu lochepa kwambiri, koma kungotipinda pang'ono tinkangoti phwa, kusweka ngati phale. Apa ndiye ndinafooka zenizeni, moti ndinatha masiku awiri osalowa m'chipinda chogwirira ntchito. Chomwe chinkandizunguza mutu n'chakuti PLA wotayikira m'mphepete anali wopyapyala ngati madzi, akuyenderera mpaka pansi pa chitsulo, pomwe wabwinobwino amatuluka wothithikana, kumangotukumuka pamlomo pa chikombole. Maunyolo anali akudukabe ngakhale zonse zinali zouma. Ankawadula ndani?

Yankho linali m'ndowa ya soda. Luzi lalitali ndimayamba ndaliviika maola awiri m'madzi a kositiki soda wa 5 peresenti, monga ambiri a ife timachitira, kuti phula, pectin ndi hemicellulose zichoke, ulusi ukhale wokhakhala, pulasitiki apeze pogwira. Ndikatero ndinkatsukuluza katatu n'kuyanika. Ndinatenga kachingwe ka luzi louma lija, n'kukaviika m'kapu ya madzi oyera kwa ola limodzi, kenako n'kuthiramo kapepala koyezera pH, komwe kamaonetsa 7 madzi akakhala opanda soda kapena asidi. Kanasanduka kobiriwira moderako, pakati pa 10 ndi 11. Soda anali atabisala mkati mwa ulusi. Chinandipweteka n'chakuti ndinkadziwa kale kuti soda amadya PLA, pajatu ena amamugwiritsa ntchito dala pofuna kusungunula zochirikiza za PLA pa zinthu zopangidwa ndi printer ya 3D. Ine ndinkamuphikira pamodzi ndi pulasitiki wanga pa madigiri 180.

Luzi la nambala 17 ndinalitsukuluza kasanu ndi kawiri, n'kuliviika mphindi khumi m'madzi othira viniga pang'ono, n'kutsukuluzanso mpaka kapepala kanaima pa 7. Linagona mu uvuni. Moto ndinabwezera pa 180, mphindi ziwiri zoyamba osapanikiza kwambiri, kenako kutsitsa jeke kamphindi kuti mpweya utuluke, n'kupanikiza mwamphamvu mphindi zinayi. Ndinakasiya kuti kazizire kali kopanikizidwa mpaka thermocouple inaonetsa 50. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi 40 zodikira zija zinatalika kuposa masabata atatu onse. Kanatuluka kofiirira ngati uchi, ulusi ukuoneka mkati utapingasana, kosalala mbali zonse. Ukakagogoda ndi chikhadabo kamalira ngati thabwa louma. Pa za sodayo, chonde magolovesi ndi magalasi musamaiwale, ndipo soda ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu soda.

Ndiyamikeko mayi amene amanditumizira luzi. Ndinawapeza pa intaneti m'gulu la oluka nsalu, ndipo luzi lawo limabwera lopesedwa kale, lopanda tizidutswa ta mtima wa phesi. Lomwe ndinagula koyamba kwina linali lodzaza zinyalala moti ndinkatha madzulo onse ndikutola ndi kapani. Ufa uja ndiye ndimaupera ndekha kuchokera ku mtima wa phesi womwe amagulitsa ngati zogonera za akavalo ndi akalulu, ndipo thumba limodzi silitha msanga.

Nditakhala n'kumakayang'ana kathabwaka ndinakumbukira pomwe ndinayambira zaka ziwiri zapitazo, ndi pulasitiki wa sitachi, gilisirini ndi viniga wophika mumphika. Ndinaumba timiphika ta mbande tokongola ndithu, koma titauma tinang'aluka, ndipo totsalato tinachita chuku mvula itangoyamba. Komabe tija tinali ndi ubwino umodzi womwe nambala 17 alibe: nditatikwirira, pasanathe miyezi iwiri tinali titasanduka dothi.

Apa m'pamene mtima wanga sunakhazikike. Kathabwa ka nambala 3 ndinakakwirira m'dimba miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo sabata yatha ndinakafukula. M'mphepete momwe ufa wa chamba unali poyera mwada ndipo mwayamba kufumbutuka, koma kwina konse kali momwe ndinakaikira, ngakhale nambala yomwe ndinalemba ikuwerengekabe. PLA amaola m'malo opangira manyowa a mafakitale, momwe kutentha kumakhala pafupifupi madigiri 58 ndi chinyezi chambiri, ndipo muyezo wa ku Europe wa zinthu zoola wa EN 13432 umanena za malo oterowo, osati dothi la kuseri kwa nyumba, ngakhalenso nyanja. Choncho ndikamaona zinthu zolembedwa kuti pulasitiki wa chamba ndimayamba ndafunsa kuti chomata chake n'chiyani. Zambiri ndi polypropylene, pulasitiki wochokera ku mafuta, wosakaniza ndi chamba. Zimenezi zili ndi phindu lake, sindikukana. Makampani a galimoto a ku Europe akhala akupanga zikuto zam'kati mwa zitseko ndi luzi la chamba ndi la fulakisi kwa zaka zambiri, chifukwa n'zopepuka kuposa za ulusi wa galasi ndipo mafuta olowamo amachepa. Koma kuola ndiye siziola. Ngakhale galimoto ija Henry Ford anaonetsa ku Dearborn mu 1941, yomwe anthu amakonda kuitchula akamakamba za chamba, imadziwika ndi dzina loti galimoto ya soya, ndipo utomoni wa phenolic womwe umatchulidwa pa kapangidwe kake ndi wa mtundu wosaola.

Ine ndimakhulupirirabe kuti njirayi ndi yoyenera kuilimbikira. M'kathabwa kanga mulibe pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi: pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ndi mbewu yomwe imakula m'miyezi inayi yokha, kotsalako ndi PLA wochokera ku shuga wa zomera yemwe akanatayidwa ngati zinyalala za printer. Kungoti amene ndidzamupatse chinthu chopangidwa ndi zimenezi ndidzamuuza zoona, kuti asadzachitaye patchire poganiza kuti chisowa chokha.

Mawa ndipanga 18 ndi 19 mofanana ndendende, ndione ngati si mwayi chabe, kenako ndikweza luzi kufika pa 40 peresenti ndi kuliyala lonse molunjika mbali imodzi. Ndikufunanso kupeza PHA, pulasitiki wina yemwe tizilombo ta m'dothi timatha kumudya, ndikwirire timatabwa tiwiri moyandikana n'kumafukula mwezi ndi mwezi. Ngati pali amene anapanikizapo PHA ndi luzi andiuze moto umene unamuyendera, chifukwa kampata kake n'kopapatiza kuposa ka PLA. Chikombole chokhota cha madigadi a njinga ndachijambula kale papepala, ndipo chikatheka chimenecho ndikulowa pa mpando wathunthu, chokhalira ndi chotsamira chomwe. Zitsulo za makinawa zidzafunika zazikulu kuwirikiza katatu, mahita enanso anayi, mwina ndi jeke yachiwiri.